Chimanga m'Mbale ya Galu

Ntchito yanga yoyamba ku Joni inali ya m'nyumba, kwa banja lina lokhala kufupi ndi bwalo la ndege ku Kempton Park. Ndege zikamatera, mazenera ankanjenjemera. Anandilemba kuti ndizichapa, kusita ndi kukolopa, koma patapita miyezi ndinaphunzira ntchito ina imene sindinailotepo ndili kwathu ku Thyolo, yoyesa chakudya cha galu.

Adona, mkazi wa mwini nyumba, anali ndi galu mmodzi wamkulu waubweya wofiirira amene ankadwala khungu. Ankadzikanda mpaka kutuluka magazi kuseri kwa makutu, ubweya n'kumathothoka pamsana. Dokotala wa ziweto ananena kuti thupi la galuyo siligwirizana ndi chimanga. Kuyambira tsiku limenelo chimanga chinasanduka mdani m'nyumba muja.

Thumba latsopano la chakudya cha galu likabwera, adona ankaliika patebulo la kukhitchini, n'kuvala magalasi, n'kundiitana. Ankafuna mboni. Anandiphunzitsa kuti zolembedwa kumbuyo kwa thumba zimayamba ndi chimene chachuluka m'katimo n'kumalizira chimene chachepa. Choyamba chiyenera kukhala nyama yotchulidwa dzina, nkhosa kapena nsomba. Akangolemba kuti muli zochokera ku nyama osatchula nyama yake, ndiye kuti agaya milomo ya nkhuku, mapazi, nthenga ndi mafupa. Anandionetsanso ukathyali wa opanga ena: chimanga chomwecho amachilemba malo angapo, apa ngati ufa, apo ngati gaga, apo ndi dzina lina lovuta kutchula, kuti wogula asaone kuti ndicho chadzaza thumba. Panalinso mzere wonena kuchuluka kwa phulusa, ndipo umenewo unandidabwitsa kuposa yonse.

Tikatha kuwerenga tinkayesa timibulu take. Tinkatiponya m'tambula ya madzi ofunda. Tikafufuma ngati buledi wonyowa, adona ankati muli chimanga. Tinkatinunkhiza kuti timve ngati mafuta ake sanasase, n'kutikhutiza papepala loyera kuti tione ngati anatipaka utoto. Mayeso omaliza anali anga ndekha. M'mawa uliwonse ndinkayenda pakapinga kufunafuna chimbudzi cha galu, n'kukanena kwa adona ngati n'cholimba kapena chamadzi, chochuluka kapena chochepa. Thumba lolephera mayeso linkakaunjikidwa m'galaja, ngakhale atangotapamo kapu imodzi.

"Chimanga si chakudya," adona ankatero m'Chingerezi. "Chimangodzaza mimba."

Ankanena zimenezi akuyang'ana thumba, osati ine amene ndinakula ndi chimanga chokhachokha, nyama n'kumaiona pa Khirisimasi. Mtima wanga unkapita kwa mayi uja wa m'Malemba amene anapempha nyenyeswa zogwa patebulo la ana. Iye uja ankadziwa kuti galu amadya zotsala za ana. M'nyumba muja ndinkasowa kuti ana ndi ati, ndipo amene ali pansi pa tebulo ndani.

Pabwalo pankagwira ntchito bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu amene tonse tinkangomutchula kuti amalume, ngakhale sanali mbale wathu. Tinkapemphera limodzi Lamlungu m'kalasi ya sukulu ina ku Tembisa, ndipo ndi iwo ankayambitsa nyimbo. Anali atanyamula matumba m'mafakitale a ku Isando mpaka msana unakana. Dimba la adona ndi kachipinda ka kuseri kwa galaja ndiwo anali malo awo omaliza. Pamsinkhu umenewo, ndi msana umenewo, panalibe wina akanawalemba ntchito.

Tsiku lina masana ndikuyanika zovala ndinawaona atakhala pachidebe chovundikira, mbale ya nsima ili pamiyendo. Galu anabwera n'kukhala patsogolo pawo. Amalume anapemphera, n'kutema mbamu yoyamba, n'kumuponyera. Galuyo anaiwakha isanafike pansi, mwa njira yosonyeza kuti sanayambe tsiku limenelo. Nditawafunsa anavomera osabisa kuti m'mawa amamupatsanso mkute.

Ndinawafotokozera zonse, za dokotala, za khungu, za matumba amene akuunjikidwa m'galaja popanda mlandu. Ndinawauza kuti adona akadziwa, ntchito yatha ndipo kachipinda kapita.

"Mwanangu," anatero, "chamoyo chikukuyang'ana m'kamwa, iwe n'kumameza wekha? Kwathu sitinaleredwe choncho. Ndiye kapu imodzi ya timiyala timeneti ndi chakudya, galu wamkulu ngati thole la ng'ombe?"

Ndinati si njala, ndi matenda. Anaseka, n'kunena kuti dokotalayo sanaonepo agalu a kwathu amene amakula ndi phala la gaga n'kumathamangitsa nguluwe m'phiri. Anamusisita galuyo pamutu n'kunena kuti ameneyu ndi mnzathu wa kumudzi, anangobadwira kolakwika.

Ndinawachonderera kuti azidyera m'chipinda chitseko chili chotseka. Anayesadi. Galu ankagona pakhomo n'kumalira motsitsa, mphuno ataiika pamphako ya pansi pa chitseko. Sabata isanathe chitseko chinali chotsegulanso. Ndinawapempherera, ndinawakumbutsa tikuchokera kutchalitchi, koma ankangoti Mulungu amene amadyetsa mbalame za m'mlengalenga sangakwiye ndi mbamu imodzi.

Galu anapitiriza kudzikanda, ndipo adona anapitiriza kuweruza matumba. Lina analikana chifukwa cha fungo, lina chifukwa cha utoto wofiira, lina chifukwa nkhuku inalembedwa pamalo achiwiri osati oyamba. Ankaimbira foni ogulitsa n'kuwakalipira kuti ndi abodza. Mulu wa m'galaja unafika m'chiuno mwanga.

Pomaliza dokotala anawauza kuti vuto silili m'thumba, galuyo akupeza chimanga kwina. Abwana, mwamuna wa adona, ankayang'anira nyumba zosungiramo katundu ku Jet Park ndipo ankakonda makamera. Anatembenuza imodzi kuti iloze kuseri kwa galaja.

Loweruka m'mawa anatiitana tonse pakapinga. Abwana anatukula foni yawo n'kutionetsa amalume atakhala pachidebe, akupemphera, akutema mbamu, galu akuiwakha. Anabwereza kanemayo kangapo, ndipo mbamu ikamauluka ankaseka. Adona sankaseka. Anafunsa amalume ngati akudziwa kuti magazi onse aja, kulira konse kuja, ndi ntchito ya manja awo.

Amalume anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. "Pepani adona," anatero. "Anali ndi njala."

"Njala? Galu wanga amadya bwino kuposa iwe ndi mtundu wako wonse."

Anawauza kuti pofika madzulo kachipinda kakhale kopanda kanthu. Amalume anagwada paudzu, msana uja ukuwavuta kupinda, n'kupempha kuti awadule malipiro koma awasiyire pogona. Adona anatembenuka n'kupita kugalaja. Ndinaganiza kuti mtima wawo wafewa. Anakweza chitseko, n'kuloza mulu wa matumba okanidwa uja.

"Tenga onsewa. Ndi chimanga chokhachokha. Anthu inu mumachikonda."

Abwana anaonjeza kuti atha kukagulitsa kulokeshoni, asadzanene kuti anachoka chimanjamanja. Ndipo amalume, popeza anaphunzitsidwa kuti chopatsidwa sachikana, anaomba m'manja n'kuthokoza. Ndinawathandiza kukweza matumbawo pagalimoto ya m'bale wina wa kutchalitchi, pamodzi ndi matiresi, chidebe chija ndi kapoto kawo. Galu anawaperekeza mpaka pageti, n'kuima pamenepo akugwedeza mchira.

Galu anachira. Ndiyenera kunena zimenezi chifukwa ndi zoona. Zilonda zinauma, ubweya unamera wonyezimira, ndipo thumba la nsomba ndi mbatata limene linali patebulo nthawi imeneyo linatamandidwa kuti ndilo labwino koposa onse. Adona ankandiitana kuti ndigwire msana wa galuyo ndimve kusalala kwake.

Amalume anasiya kubwera kutchalitchi. Nyimbo ankayambitsa wina, mawu osakwanira. Lamlungu lina titatuluka ndinagula buledi ndi shuga pasipaza, kagolosale ka m'lokeshoni, n'kufunsira njira mpaka ndinapeza kumene ankakhala, kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Mwini nyumbayo, mayi wolankhula Chizulu, anandiuza kuti madala aja anayesa kugulitsa timibulu m'timapepala, koma agalu a kumeneko amadya zotsala za m'mbale, palibe amene anagula. Ntchito anafunafuna mpaka nsapato kutha.

Ndinaodira pakhomo. Ndisanamve yankho ndinamva kukhuluza kwa mbale pasimenti. Nditalowa ndinawapeza atakhala pachidebe chija, manja ali pamaondo, zala zonyowa. Mbale inali itakankhidwira pansi pa bedi. Matumba anali pakona, limodzi lotsegula, pakamwa pake popinda bwinobwino kuti musalowe mphemvu.

Fungo ndinalidziwa. Miyezi yonse ija ya kukhitchini inali itandiphunzitsa mphuno. Linali la thumba lija la utoto wofiira, limene linkayambanso ndi gaga ndipo nyama yake inalibe dzina. Timibulu take anali atatinyika m'mbale muja ndi madzi otentha n'kuthira mchere. M'mbali mwa milomo yawo munali kofiira.

Anandilandira ndi ulemu wonse. Anafunsa za kutchalitchi, za ana anga kumudzi, za mvula ya ku Thyolo. Kenako anafunsa za galu, ngati anasiya kudzikanda. Ndinati anasiya. Anagwedeza mutu n'kunena kuti Ambuye alemekezeke, ndiye kuti dokotala uja ankanena zoona.

Kwathu mlendo akakupeza ukudya, ngakhale ili mbatata imodzi, umainyema pakati. Amalume, amene sankatha kumeza galu akuwayang'ana, anacheza nane mpaka dzuwa linapendeka, mbale ili pansi pa bedi, ndipo mawu oti tiyeni tidye sanatuluke pakamwa pawo. Ine ndinkayang'ana khoma kuti maso anga asapite kumene kunali mbaleyo. Ndinaika buledi ndi shuga pamatiresi. Anapempha kuti tipemphere ndisanapite, ndipo anathokoza Mulungu chifukwa cha chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ndinayankha ameni ndi milomo yokha, mtima ukufunsa Mwini kumwamba za wosauka uja wa m'Malemba wogona pachipata cha wachuma, kuti kodi angelo amachedwa chifukwa chiyani.

Lolemba m'mawa ndinayenda pakapinga monga mwa masiku onse. Mnyamata watsopano wa m'dimba anali atauzidwa kale kuti azidyera kunja kwa geti. Ndinapeza chimene ndinkafuna pafupi ndi maluwa amene amalume anabzala, ndinawerama n'kuchiyang'anitsitsa, n'kupita kukhitchini kukanena kuti n'cholimba ndiponso n'chochepa. Adona anakondwa kwambiri.