Dzina Limene Lumo Linasiya

Pasukulu ya zachipatala panali aphunzitsi ena amene ankawatchula a Lumo, ndipo iwo ankadziwa. Dzinali linachokera m'thumba la jekete lawo, momwe munkakhala lumo lokulungidwa m'kapepala. Lachiwiri lililonse, asanapereke lipoti la kafukufuku kwa ophunzira, ankaliyala patebulo n'kudula mayina a olemba, dzina la magazini, ndi ndime yoyamba ija imene imanena zonse mwachidule. Zotsalazo ndi zimene ankakachulukitsa pamakina.

"Dzina silichiza munthu," ankatero. Sankawonjezerapo.

Ophunzira awo sanali ana. Anali madokotala, anamwino ndi anthu oyeza magazi, amene anabwerera kusukulu kudzawonjezera digiri, ena imvi zitayamba kale. Kuwodi ankaopedwa. Koma m'kachipinda ka a Lumo, ka mipando khumi ndi iwiri ndi zenera limodzi losatsekeka bwino, ankatuluka thukuta ndi funso limodzi lokha: "Anali angati?"

Wina akati mankhwala awa anathandiza odwala ambiri, a Lumo ankafunsa kuti ambiriwo ndi angati. Akayankha, ankafunsa kuti poyamba anali angati. Akayankhanso, ankavula magalasi n'kufunsa kuti nanga enawo analowera kuti.

Matendawa ankafika nawo mpaka kunyumba. Tsiku lina akazi awo ananena kuti anthu onse akuti jekete limenelo latha ntchito.

"Onsewo ndi angati?"

"Ine ndi mwana wanu."

"Awiri. Apachibalenso. Kafukufuku wofooka ameneyo, mayi."

"Valani tsono, bambo, mukachite manyazi umboni utakwana."

Chaka chimenecho a Lumo ankapuma pantchito, ndipo akuluakulu a sukuluyo anawapatsa fomu kuti alembepo munthu woti atenge kalasi yawo. Fomuyo inakhala m'dirowa miyezi iwiri, malo a dzina ali mbee. Munthu anali naye mumtima: namwino wamkulu, mayi wa ana atatu, amene ankamaliza digiri yake yomaliza. Onse ankangoti a Sisita. Mayiwa ankawerenga pepala ngati munthu wosankha timiyala mumpunga. Koma zaka makumi awiri za kuwodi zinawaphunzitsa kuti wamkulu akalakwitsa, umakhosomola pang'ono n'kuyang'ana pansi. Pepala lopanda dzina ankalisenda bwinobwino. Akangomva kuti analemba ndi pulofesa wakutiwakuti, mawu awo ankasanduka "mwina" ndi "kapena". A Lumo sankafuna kusiyira kalasi munthu woti lumo likasowa, maso asowenso.

Lachiwiri lomaliza anabweretsa pepala la zaka makumi atatu zapitazo, lonena za mankhwala opaka pazilonda zosapola msanga. Analemba ndi iwo eni, tsitsi likadali lonse. Ndi pepala limene linawapezetsa ntchito, ndipo pamene panali powola ankapadziwa. Anaganiza kuti ophunzira alisende osadziwa mwini wake, pomaliza iwo aulule, onse aseke, atsanzikane.

Anagawa mapepalawo, anakhala pansi, anatsegula lawo. Ndipo anaona. Patsamba lomaliza, pansi penipeni, m'timalemba tonga nyerere, panali mzere wonena kumene makalata ayenera kupita, ndipo dzina lawo linali pomwepo lathunthu. Lumo linali litadumphapo.

Anayang'ana kalasi. Ophunzira safika tsamba lomaliza, zimenezo anazidziwa kalekale. Kupatula mmodzi. Anaona a Sisita akutembenuza tsamba, chala chikutsika, chikutsika, n'kuima. A Sisita anakhosomola pang'ono.

Dokotala wina wa tayi yofiira, amene ankakonda kuyamba, anayamba.

"Aphunzitsi, lero ndiye mwatipatsa labwino. Odwala 80, ambiri anapola. Kalembedwe kakenso kosalala ngati galasi."

"Zikomo," anatero a Lumo, ndipo anachita manyazi kuti mawuwo awakomera. "A Sisita?"

"Aphunzitsi, kunena zoona, kalelo zinthu zinali zovuta. Makompyuta kunalibe. Olembawa anayesetsa ndithu."

"Sindinafunse za kalelo."

"Mwina ndine amene sindinamvetse."

A Lumo anavula magalasi. Anaganiza za fomu ija ndi malo ake opanda kanthu. Akanatha kuwathandiza, kuwalozera tsamba, koma zikanakhala ngati kumwera wodwala mankhwala. Anawasiya adzipezere okha. Mphepo inagogoda zenera kawiri.

A Sisita anayang'ana pansi, kenako pamanambala, kenako pansi. Koma chala chinali chitabwerera patsamba lachitatu, ndipo chinakana kuchokapo.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "poyamba anali angati?"

"Mwawerenga nokha."

"Anali 120. Pomaliza 80. Anthu 40 asowa pakati pa tsamba lachitatu ndi lachisanu, ndipo 30 mwa iwo ndi a gulu limene linkapaka mankhwalawo." Mawu anayamba kukwera, mawu aja amene anamwino achichepere ankawadziwa bwino. "Ine ndatsuka zilonda zaka makumi awiri. Munthu amene chilonda chikupola amabweranso kudzakuonetsa, amabwera ndi mkazi wake yemwe. Amene mankhwala akumuwotcha sumuonanso. Olembawa anawerenga okhawo amene anabwera akumwetulira."

"Ndiye tinene kuti chiyani?"

"Tinene kuti sitikudziwa ngati mankhwalawa amathandiza. Olembawo anayenera kunena zimenezo." Anapuma kaye, n'kudzutsa mutu. "Pepani, aphunzitsi. Munalakwitsa."

Ophunzira anayang'anizana. Kenako mapepala khumi ndi limodzi anatembenuzidwa nthawi imodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba kalasi yonse inafika tsamba lomaliza. Wa tayi yofiira uja anagwira pakamwa.

A Lumo anapukuta magalasi pang'onopang'ono.

"Nanga kalembedwe kake, a Sisita?"

"Kosalala, aphunzitsi. N'chifukwa chake anthu 40 anaterereka osaoneka."

Kuseka kunayambira kumbuyo. A Lumo nawonso mapewa anagwedezeka, ngakhale mano sanaoneke.

Ena atatuluka, anatsegula dirowa, analemba dzina la a Sisita pafomu, n'kuwaonetsa. Kenako anapisa m'thumba la jekete, n'kuika lumo lija patebulo ndi kapepala kake komwe.

A Sisita analiyang'ana, n'kulikankhira kwa mwini wake ndi chala chimodzi.

"Sungani, aphunzitsi, muzimetera ndevu. Ine mayina ndiziwasiya pomwepo. Kuwodi palibe amene adzawadulire ophunzirawa."

Madzulo ake a Lumo anafika kunyumba nthawi yabwino, anakoleka jekete kuseri kwa chitseko, anakhala pampando wawo.

"Zatha bwanji?" anafunsa akazi awo.

"Anthu akuti ndinalakwitsa."

"Angati?"

"Mmodzi."

Mayiwo anawathirira tiyi, n'kuwakankhira kapu.

"Onjezanipo ine, bambo, akhale awiri. Ulendo uno awiriwa si apachibale."