Chithunzi Chopanda Munthu

Inu amene ntchito yakutopetsani, khalani pansi pang'ono mumve za a Misheck a ku Mtakataka. Sindikulonjeza kuti muchoka pano mukuvina. Eni akewo savina, mawondo anatha kalekale.

A Misheck ndi wojambula zithunzi. Kale ukwati sunkayamba iwo asanafike pa njinga yawo, kamera ili pakhosi. Kenako kunabwera mafoni. Pa ukwati wina ku Golomoti anaima padzuwa kuyambira kutchalitchi mpaka kumadyerero, popanda ndi mmodzi yemwe wowakodola. Mtsikana wina anachita kuwakankha ndi chigongono.

"Madala, tasunthani, mukutitchinga."

Anabwerera kwawo akukankha njinga. Mphamvu yopalasa analibe.

Akazi awo, a Katerina, sanazungulire. "Bambo, kagulitseni chinthuchi tigule mbuzi. Mbuzi imaswa. Ichi chimaswa chiyani?"

A Misheck sanalole msanga. Kamerayo ndi imene inaphunzitsa ana awo, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Anapempha kuti awapirire mpaka mvula igwe. Ikadzagwa zinthu zili chomwecho, adzaigulitsa okha.

Masiku omwewo kunagwa maliro a msodzi wamkulu wa pa doko lina la kufupi ndi Mtakataka, a Hamidu. Pa doko limenelo msodzi akamwalira, palibe amene amalowa m'madzi. A Misheck anafika cham'mawa, kamera ili pakhosi mwa chizolowezi chabe. Anapeza mabwato onse atandandana pamchenga, nkhafi zili m'kati, makoka ali poyanika. Nyanja inangoti zii ngati madzi a m'beseni. Anajambula kamodzi, osadziwa n'komwe chifukwa chake, n'kupita kukakhala ndi anzawo pasiwa.

Patapita masiku anakatsukitsa chithunzicho chachikulu, n'kuchikhomera fulemu ya matabwa otsala kwa kalipentala. Maganizo awo anali akuti: anthu amagula zithunzi za mathithi a kunja ndi nyumba za azungu n'kupachika pabalaza, angalekerenji kugula doko lawo lomwe?

Apa ndiye anaona zakuda. Pamsika wa Golomoti aliyense ankachiyang'ana, n'kumafufuza ndi chala.

"Nanga munthuyo ali pati?"

"Chapsa ichi, madala. Mwatsukitsa chithunzi chopsa!"

Musawaseke kwambiri anthuwo, ndi ife tomwe. Kwathu kuno chithunzi ndi munthu: wavala suti yobwereka, wagwira wailesi, watsamira galimoto la eni ake. Chopanda munthu timachiyesa cholakwika.

Komabe tsiku lililonse la msika a Misheck ankachimanga chithunzi chija pakaliyala, kupita nacho, kubwera nacho. Ankapukuta fumbi pagalasi ndi mkono wa malaya, n'kukhala pansi kudikira. Anajambulanso zina: mabwato a pa madoko ena, matandala a usipa, nyali za asodzi zili pamzere. Zonse zinkabwerera kunyumba. Kumapiri a Dedza mitambo inayamba kusonkhana, ndipo a Katerina anali atafunsira kale mbuzi kwa mnansi. A Misheck anatopa, kutopa kuja kumene munthu umagona nako n'kudzuka nako. Ine zinkandimvetsa chisoni kuwaona.

Tsiku lina mayi wina wofunda mpango anatsika minibasi pamsikapo ndi chikwama chachikulu. Anaima pa chithunzi choyamba chija nthawi yaitali. Iye sanafunse za munthu.

"Bambo, anamwalira ndani tsiku limeneli?"

A Misheck anadzidzimuka. "Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Ndinakulira padoko ine. Dzuwa lakwera, mwera kulibe, koma mabwato onse ali pamtunda. Amenewa ndi maliro."

"Anali a Hamidu."

Mayiyo anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anali Aisha, mwana wa malemuwo, amene amagwira ntchito ku Joni. Uthenga unamupeza bambo ake ataikidwa kale, ndipo tsopano ankapita ku sadaka yowakumbukira. Analoza bwato lina la chigamba cha lata kumphuno.

"Ili ndi lawo. Bambo sankalola kujambulidwa, ndipo m'nyumba mwathu sitipachika nkhope ya munthu. Ndinalibe chilichonse choti ndiziwaonerapo. Ichi nditha kupachika." Anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Ndinkadandaula kuti mwina anapita okhaokha. Kani doko lonse linaima."

Anachigula, n'kuchinyamula yekha, osalola kondakitala kuchigwira. Ku sadaka chinayenda m'manja mwa abale, aliyense akuloza bwato limene akulidziwa. A ku Lilongwe anafuna chawo, a ku Joni anafunanso chawo. Anzawo akachiona pakhoma ankafunsa kuti, nanga doko la kwathu angatijambulire? Anthu athu amene ali kutali alipo ambiri, ndipo onse amasowa kwawo.

Mvula inagwa, kamera sinagulitsidwe. Lero a Misheck amayenda m'madoko a kwa Kachindamoto, ndipo zina amagulitsa kwa alendo opita ku Mua. Fulemu amakhoma ndi a Katerina, amene amati matabwa okhota ndi a bambo, owongoka ndi awo. Sanalemere ayi. Amatopabe, koma tsopano akatopa amagona tulo.

Ndiye inu amene mwanyamula chinthu chanu kupita nacho, kubwera nacho, anthu akungodutsa, ndikudziwa kuti mwalema. Pumulani lero, palibe tchimo. Koma mtima wokhawo musautaye. Mwina amene angachimvetse adakali m'minibasi, sanafike. Mawa kukacha, kakhaleninso pamalo panu kuti akadzatsika akupezeni.