Mwini Dzina Langa ku Thazima

Ndinanyamuka pa Dedza Lachiwiri m'mamawa, mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala, ndipo kunyumba ndinasiya mkangano. Mwana wanga Chisomo anali atabereka mwana wamkazi masabata awiri m'mbuyomo. Akuchimuna anatilemekeza, anati dzina nditchule ndine gogo wake, koma Chisomo anali atasankha kale. Ankafuna mwanayo akhale Towera, dzina langa. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Iye nayenso anauma khosi, nati ngati si Towera ndiye kuti mwana akhala wopanda dzina. M'buku la kusikelo pamalo pa dzina panali pakadali poyera, ndipo ine ndi mwana wanga tinali titasiya kuyang'anana m'maso.

Ine ndine Mchewa wa pa Dedza, ndipo m'Chitumbuka ndimangodziwamo "yewo". Dzinali ndinalitola ku Rumphi kumene malemu bambo anga anali mlangizi wa zaulimi, ndipo tinachokako ndisanayambe n'kuyenda komwe. Landisautsa moyo wanga wonse. Kusukulu anzanga ankandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti. Zipani zitabwera, anthu pamsika pamene ndimasoka mayunifolomu ankachita kundiuza okha chipani chimene ndikavotere, pongomva dzina. Nditatopa nazo ndinayamba kudzitchula Esinati, dzina la ubatizo, ndipo ndi limene linalembedwa pachitseko cha shopu yanga. Sindinkafuna kuti mdzukulu wanga adzakhale mlendo kwawo komwe.

Amayi anga ndiwo anagamula mlandu. Anati dzina la munthu sulitaya usanamuone mwini wake nkhope, choncho ndipite ndikaone mayi amene anandilandira pobadwa n'kundipatsa dzina lake. Nditawafunsa kuti mayiyo ndani, anangokumbukira kuti anali mnansi wawo kumtunda kwa Bolero, ndipo ankamuitana kuti Nya-chakuti, koma chakuticho n'chimene chinawathawa. Anati ndikangofunsa Towera mzamba anthu akandilozera, ngati kuti ku Rumphi n'kuseri kwa nkhokwe.

Pa Lilongwe ndinakwera basi ya ku Mzuzu ya K7,000, kondakitala atalumbira kuti kwatsala anthu awiri okha kuti inyamuke. Anthu awiriwo tinawadikira maola atatu. Pa Jenda ndinagula chipisi pawindo, komanso tomato amene sindinkamufuna, chifukwa mayi wogulitsayo ananditchula "mama" mokoma kwambiri. Kuchoka apo basi inayamba kukwera mitunda, makutu n'kutseka, ndipo ku Chikangawa tinalowa m'nkhungu masana enieni. Ine mapiri a kwathu ndimawanyadira ndipo sindichedwa kuwatchula, koma kumeneko ndinangoti ziii. Ndinagona ku Mzuzu kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi zosoka.

Lachitatu ndinalawirira minibasi ya ku Rumphi, ya K2,000. Titadutsa Ekwendeni n'kupatuka pa Bwengu, msewu unalowa pakati pa mapiri awiri oyandikana, ndipo pa mlatho wa Njakwa ndinasuzumira pansi n'kuona mtsinje wonse ukudzipanikiza pakati pa miyala. Ndinachita chizungulire, ndinabweza mutu. Cha m'ma teni koloko tinali pa boma.

Padepoti ndinasankha bambo wachikulire wa jekete ndi nyuzipepala m'khwapa, amene ndinamva pambuyo pake kuti anali mphunzitsi wopuma. Nditawafunsa za Towera mzamba, anandiyang'ana mwachifundo n'kundifunsa kuti Nya-ndani. Anandifotokozera m'Chichewa chawo choimba kuti kuno mayi wamkulu amatchulidwa ndi mfunda wa bambo ake, Nyagondwe kapena Nyamhango, ndipo dzina loyamba limatsala ku ubwana. Anati iwo eni akhala ndi akazi awo zaka makumi anayi koma dzina lawo loyamba amangoliona pachiphaso. Ndinaona kuti ndawotcha ndalama pachabe. Kenaka analoza ndi nyuzipepala ija, nati Towera amene aliyense pa Rumphi amamudziwa ndi uyo ali apoyo.

Ndinatembenuka ndipo ndinaona lole yodzaza malata ndi simenti. Pamwamba pake panali mayi wojintcha, wovala ovolosi, atamanga chitenje m'chiuno, akukoka chingwe uku akukalipira amuna awiri omangira katundu. Ndinkayesa ndi mkazi wa dalaivala. Atatsika anatulutsa makiyi m'thumba, ndipo manyazi anandigwira. Nditamuuza dzina langa ndi kumene ndinabadwira, anapukuta manja pa ovolosi n'kundigwira mapewa onse awiri.

"Adzina," anatero, "ndiye kuti inu ndinu wa Nyaluhanga ngati ine. Kwerani kutsogolo, ndikupita komweko."

Tinanyamuka cha m'ma twelofu. Tala sanachedwe kutha, ndipo tinayamba kudumphadumpha m'fumbi la chigwa cha Nkhamanga, uku ndi uku zigafa za fodya ndi mabelo odikira galimoto m'mbali mwa msewu. Pa Bolero tinaima pang'ono, adzina anandigulira chinangwa chophika, ndipo nditatulutsa ndalama ya ulendo anati wadzina salipira. Lole ankaiyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likulankhula.

Anandiuza kuti a Nyaluhanga anali mzamba zaka zambiri pachipatala chaching'ono cha kuderalo. Kubereka kukavuta, koma mayi ndi mwana onse n'kupulumuka, makolo ankapempha mzamba kuti atchule dzina ndiye, ngati njira yothokozera. Akakhala mwana wamwamuna ankawabwezera abambo kuti atchule okha. Akakhala wamkazi, sankaganiza kawiri, ankangoti Towera. Ndiye adzina anayamba kuwerenga ndi zala pachiwongolero. Kuli Towera dokotala ku Khondowe amene amachita maopaleshoni. Kuli Towera m'busa, wovala kolala, amene amuna ena poyamba ankatuluka m'tchalitchi akaima paguwa, koma lero amakanganirana kuti adzadalitse maukwati a ana awo. Wina akuweruza milandu kumwera, ndipo akabwera kumudzi amagwada popereka moni ngati wina aliyense. Anatchulanso ena, ine ndinasokonezeka kuwerenga.

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti dzinali ndi chilema changa ndekha, osadziwa kuti kuno anthu akalimva amakonza kolala. Za Esinati wa pachitseko cha shopu sindinatchule n'komwe. Ndinangofunsa ngati Towera ndi dzina la a Nyaluhanga eni ake. Adzina anati aliyense amaganiza choncho, koma palibe anafunsapo, chifukwa kufunsa munthu wamkulu dzina lake loyamba n'chimodzimodzi kumuvula duku pagulu.

Tinafika pa Thazima cha m'ma fili koloko, lole italira m'mitunda mpaka ine kuyamba kupemphera chamumtima. Apa ndi pachipata cholowera ku Nyika. Mphepo yake ndi yoonda, yolowa mpaka m'mafupa, ndipo ukayang'ana m'mbuyo chigwa chonse chimene wadutsa chimakhala pansi pa mapazi ako. Adzina anaimba hutala kawiri, ndipo m'kanyumba ka pachipata munatuluka mtsikana wochepa thupi, wa yunifolomu yobiriwira, jombo kumapazi, mfuti paphewa. Uyunso anali Towera, mlonda wa nyama zakutchire, ndipo anali atangotsika kumene kuphiri kumene anagona masiku asanu. Adzina a lole anandinong'oneza kuti chaka chathacho anatsika ndi amuna atatu otchera misampha, iye ndi mnzake mmodzi yekha akuwayendetsa. Mwini wake anangoyang'ana pansi mwamanyazi, nandipatsa moni wa manja awiri. Anapempha chilolezo kwa akuluakulu ake, nasiya mfuti, n'kunditsogolera kanjira kotsika m'mitengo.

A Nyaluhanga tinawapeza pakhonde akusefa uchi m'mabotolo, njuchi zikuwazungulira iwo osalabadira. Anali mayi wamtali, wa juzi ya buluu ndi magalasi okhuthala, wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri koma wowongoka msana kuposa ine. Tinagwada, tinapereka moni, ndipo sanafunse chimene tadzera mpaka titamwa tiyi wa uchi ndi mbatata. Chichewa ankachilankhula bwino, anati anachiphunzira kwa amayi obereka, chifukwa munthu pa ululu amalira m'chinenero cha kwawo.

Nditanena kuti ndine mwana wa mlangizi wa ku Dedza, anaika botolo pansi pang'onopang'ono. Anakumbukira zonse. Inali nthawi ya mvula, mtsinje utadzaza, bambo anga atathamanga kukasaka ngolo imene sinabwere. Iwo nthawiyo sanali mzamba ayi, anali mtsikana wapabanja wa nyumba yoyandikana, amene anangomva kubuula n'kulowa. Ndinabadwa chingwe chili m'khosi, osalira, ndipo anachimasula ndi zala zawo. Amayi anga analibe mbale aliyense kuderalo woti atchule dzina, choncho anapempha iwo. Uzamba anakauphunzira pambuyo pake ku Khondowe, chifukwa cha tsiku limenelo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti pa a Towera onse aja, dokotala, m'busa ndi woweruza, woyamba ndinali ine wosoka mayunifolomu.

Safunsa anadya phula, ndipo ine sindinayende ulendo wonsewu kuti ndibwerere ndi zongoganizira. Ndinawafunsa mosapsatira ngati Towera ndi dzina lawo. Mlonda uja, munthu wosaopa njovu, anagwira pakamwa. A Nyaluhanga anaseka, nati ana a ku Dedza alibe mantha, kenaka kuseka kunatha.

"Ine ndine Jeni," anatero. "Towera anali mwana wanga woyamba. Anakhala masabata atatu. Iwe unabadwa patapita miyezi iwiri, mabere anga asanaume n'komwe. Amayi ako sindinawauze, ndinadziwa kuti akana dzina la wakufa. Ndinangofuna kuti limvekenso pabwalo, wina akuliitana, wina n'kuyankha."

Anati ana awo ena anabadwa pambuyo pake, amuna okhaokha, ndipo nthawi iliyonse akapemphedwa kutchula mwana wamkazi pakamwa pawo pankatuluka lomwelo. Ankatsatira nkhani za aliyense, amene wakhoza mayeso, amene wakwatiwa, amene wagula lole. Mmodzi yekha ndiye anawasowa, woyambayo, amene anapita kumwera ali kumsana.

Ndinawauza zoona, kuti dzinalo ndinalibisa zaka zoposa makumi awiri, ndi kuti ndinabwera kudzafuna chifukwa cholikanira pa mdzukulu wanga. Sanakhumudwe. Anati anandipatsa osandifunsa, ndipo ngati landipweteka apepesa. Kenaka anandipempha chinthu chimene sindinachiyembekezere, kuti ndimasule mpango kumutu. Anayandikitsa magalasi awo, nayendetsa zala zomata uchi m'tsitsi langa, pamene pali imvi zimene ndimazibisa ndi mankhwala akuda.

"Ndiye kuti mwana wanga uja bwenzi pano ali ndi imvi," anatero motsitsa mawu. "Ndi mdzukulu yemwe."

Ndinalira, sindibisa. Mlonda nayenso ankapukuta m'maso ndi chipewa cha boma.

Netiweki kumeneko imagwira pachulu chimodzi chokha kuseri kwa nyumba, ndipo ndinakwera pamenepo dzuwa likupendeka. Chisomo anayankha mouma, monga munthu amene akadali wokwiya. Ndinamufotokozera zonse osasiyako, za lole, za mfuti, za dokotala, ndi za mwana wa masabata atatu, chifukwa sindinafune kuti nayenso alandire dzinali osadziwa mwini wake. Pafonipo ndinkamva kakhanda kakuyamwa. Kenaka anati iye maganizo ake sanasinthe, koma wotchula ndine. Ndinamuuza kuti mawa alawire kusikelo akalembetse, ndipo ndinalitchula dzinalo ndekha, pang'onopang'ono, kuti anamwino asakalakwitse.

Ndinapita ku Rumphi kukasaka mayi wotchuka woti ndimuyeze ngati akuyenera mdzukulu wanga, koma mwini dzina ndinamupeza ali khanda limene silinaone ngakhale mwezi umodzi, ndipo akazi onse amphamvu aja akukhala zaka zimene iye sanakhale. Ndikadali pachulu, foni ili m'manja, a Nyaluhanga anaitana kuchokera pakhonde kuti tibwere mphepo yakula.

"Towera."

Tinatembenuka awiri, ine ndi mlonda uja. Koma amene anayamba kuyankha kuti "wawa" ndinali ine.