Penti Wofiira wa Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali, akhala akuyenda patsogolo panga chiyambire ine kuyendetsa katapila, chimakina chokumbira nthaka. Iwo amayamba, ine ndimatsatira. Kampani yathu ikapatsidwa malo oti ikumbe ngalande, palibe amene amaloledwa kukanda nthaka alamu asanadutsepo ndi makina awo a rada. Makinawo ali pa matayala anayi, ali ndi chogwirira ndi kasikirini pamwamba, ndipo ukawaonera patali ungati chikuku cha mwana. N'chifukwa chake anzathu a piki ndi fosholo anawapatsa dzina loti a Mlezi.

Ntchito yake ndi yotopetsa ngakhale kuionerera. Amakankha pang'onopang'ono kupita uko, n'kutembenuka, n'kubwerera, mzere ndi mzere, maso ali pasikirini. Makinawo amatumiza mafunde pansi, ndipo mafundewo akagunda paipi kapena nthambo, pasikirini pamatuluka kachinthu kokhota ngati chipewa. Apo alamu amaima, kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kupopera penti pansi. Akalondola n'kupeza kuti chinthucho chikuchokera ku mita ya madzi, penti ndi wabuluu. Chikakhala cha gasi, wachikasu. Chikakhala cha magetsi, kapena akakayika kuti n'chiyani, wofiira. Lamulo ndi limodzi basi: pamene pali penti, mano a katapila safikapo, pamakumbidwa ndi manja.

Ine lamulo limeneli sindiliseweretsa. Ndinaonapo mnzanga atadula nthambo yaikulu ya magetsi, ndipo mpaka lero mkono wake wamanja sutha kugwira kapu. Ndiye ndikamatsitsa chimkono cha katapila pansi, moyo wanga umakhala uli m'maso mwa alamu.

Munthuyo ndi wodekha mpaka kukwiyitsa. Kapitawo akamakuwa kuti nthawi yatha, iwo amangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," n'kupitiriza kukankha chikuku chawo. Mawondo anawathera m'misewu, khosi linapindika ndi kuyang'ana pansi. Pa nthawi yopuma amakhala pa chigubu chogadabuza, kuvula jombo imodzi yokha, n'kumamwa tiyi pa chivundikiro cha fulasiki. Apo ndiye amayamba kundiputa.

"Mlamu, ine maso ndili nawo. Mlongo wanu ndinamuona pakati pa atsikana ambirimbiri."

"Mukanaonetsetsa mukanathawa," ndinkatero ine. "Ife tinakula naye, tikumudziwa."

Ankaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

Chaka chino, nthawi ya dzuwa, penti wofiira anayamba kuchuluka. Poyamba sitinalabadire, poti misewu yakale imakhala ndi zambiri pansi. Koma a piki akakumba pamzere wofiira ankapeza muzu wa mtengo. Kwina njerwa. Kwina palibiretu kanthu, dothi lokhalokha mpaka m'chiuno. Ntchito yoti katapila akanaimaliza tiyi asanazizire inkatha tsiku lathunthu, anthu manja ali matuza okhaokha. Ine ndinkangokhala m'kanyumba ka katapila, injini yozimitsa, thukuta lili kamukamu, kuonerera anzanga akuvutika.

"A Mlezi, kodi mwana wanuyu akulota?" mmodzi anafunsa tsiku lina, atatsamira fosholo. Anthu anaseka, koma kuseka kwa anthu otopa.

Kenako ndinayamba kuona zina. Alamu ankavula jekete n'kudzifunditsa kumutu pamodzi ndi sikirini, ati dzuwa likuthobwa m'maso, chonsecho kunja kuli mitambo. Tsiku lina ndinawapatsira sipanala, dzanja lawo linagwira mphepo pambali pake. Nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti pakati pa diso pachita mbuu, ngati madzi otsukira mbale. Ndinawafunsa. Anati ndi fumbi la simenti.

Lamlungu ndinapita kwawo. Amakhala m'chipinda chapamwamba, masitepe ake opapatiza, ndipo ndinapeza achemwali akusita mayunifolomu a ana pa thebulo lodyera. Alamu anali atatuluka. Sindinazungulire.

"Achemwali, amuna anu sakuona."

Sanadzutse mutu. Anatembenuza malaya n'kupitiriza kusita kolala.

"Ndi ng'ala," anatero. "Maso onse awiri. Kuchipatala anatilemba, akuti tidikire, mzere ndi wautali. Iwe ungotseka pakamwa mpaka awachite opaleshoni."

"Nditseke pakamwa? Amene amakumba pamene iwo adutsa ndi ndani? Si ine?"

"N'chifukwa chake akupopera paliponse! Ukuganiza kuti amagona bambo amene aja? Akuopa kukupha iweyo." Anaimika chitsulo chositira mwamphamvu. "Ana awa akadali pasukulu. Akawachotsa ntchito pamsinkhu umenewu, adzawalemba ndani? Chibale ndi fupa, iwe."

Ndinatsika masitepe aja ndili ndi ukali, koma sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Ndinatsekadi pakamwa. Mmawa uliwonse ndinkakwera katapila nditatopa kale, ndipo pamene panalibe penti ndinkakumba ngati munthu wopalasa phulusa, pang'onopang'ono. Poti munthu amene akuona zinthu zoti palibe, angathenso kusaona zoti zilipo.

Choopsa china chinali chakuti anthu anasiya kuukhulupirira wofiira uja. Ena ankamenya piki mwamphamvu pamzere penipeni, osasamala, poti anazolowera kupeza mizu.

Zinathera mumsewu wina wopapatiza, pakati pa bekale ndi sitolo ya nsapato. Tinautseka mbali zonse kuti tiike paipi yatsopano ya madzi. Eni masitolo ankatitukwana kuyambira mmawa, magalimoto akulira mahutala kungodya, ndipo foni ya kapitawo sinkapuma. Mbali imodzi tinali titakumba kale ngalande yakuya, tinayalapo thabwa lowolokera. Mbali yotsalayo alamu anaidutsa kawiri ndi chikuku chawo. Atamaliza, abale inu, msewu unali psuu ngati pophera ng'ombe. Mizere yofiira yopingasa, yotsetsereka, ina yodutsana.

A piki anayang'ana, anayang'anana, n'kuponya zida pansi. Wamkulu wawo, bambo wa imvi wosakonda kuyankhula, anangotambasula zikhatho kuonetsa kapitawo. Zinali zosupuka.

Kapitawo wathu si munthu woipa. Ndi munthu amene amakalipiridwa kumwamba n'kudzakalipira pansi, basi. Anavula chipewa, kupukuta chipumi, n'kundikodola.

"Liza katapila. Dutsa pomwepo. Mwezi wonse takhala tikukumba mizu."

Ndinaliza injini. Ndinakweza chimkono, kuchitembenuza. Ndisanatsitse, ndinaona alamu akuyenda mwakachetechete n'kukaima pamzere wofiira, pansi penipeni pa mano a katapila. Sanakuwe, sanatambasule manja. Anangoima, chitini cha penti chili m'dzanja. Ndinazimitsa injini n'kutsika.

"A Mlezi, chokanipo apo," anatero kapitawo.

"Apa musakumbe ndi makina."

"Chabwino. Nthambo ilipo kapena palibe? Nenani chimodzi."

 Kapitawo anakoka chikuku chija yekha, kuchibweretsa pamthunzi wa khonde la bekale, n'kutsegula zithunzi zimene makina anasunga.

"Pano dzuwa palibe. Bwerani mundilozere. Ndikachiona ndi maso angawa, tikumba ndi manja, ine ndemwe ndigwira piki."

Alamu anabwera. Anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda sikirini. Chala chawo chinayendayenda pagalasipo, kupita uku, kubwerera, osaima paliponse. Anthu onse maso anali pa iwo. Ngakhale mayi wa m'bekale, amene anatitukwana mmawa wonse, anangoima pakhomo ndi thireyi m'manja.

Kapitawo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe, awa ndi alamu ako. Mumadyera limodzi. Tandiuza zoona, chikuchitika n'chiyani?"

Mayo ine!  M'maganizo ndinaona achemwali ndi chitsulo chawo chositira, ndinaonanso zikhatho za bambo wa imvi uja. Ndinatsegula pakamwa ndisanadziwe chimene chitulukemo.

"Musamuvutitse mlamu wanga," anatero alamu, akuwongoka pang'onopang'ono. "Mlandu ndi wanga. Sindikuona, akapitawo. Pasikirinipa ndikungoona utsi. Ndikaona kamthunzi kalikonse ndikumapopera, poti kuli bwino anthu anditukwane kusiyana ndi kukauza mkazi wanga kuti mlongo wake wapsa. Koma ndatopa. Ndatopa ndithu, ndipo ndawatopetsa anthuwa popanda chifukwa." Anatembenukira kumene kunali a piki, ngakhale anaphonya pang'ono. "Mundikhululukire, abale anga."

 Bambo wa imvi anawerama n'kutola piki yake, n'kumaipukuta chogwirira ndi malaya ngati kuti inali ndi kanthu.

Kapitawo anakhala pansi pa sitepe ya bekale. Sanakalipe. Foni inalira m'thumba, anaisiya ilire mpaka inatopa yokha.

"Mukanandiuza kale, bambo," anatero motsitsa. "Mukudziwa kuti izi sindingabise. Lero ntchito yaima, ndiitanitsa wina wa rada. Makinawo mukawasiye m'galimoto. Mawa mupite ku ofesi."

Ngati pansi pa mzere uja panali nthambo kapena muzu, musandifunse. Tsiku limenelo sindinafune kudziwa.

Alamu anagwada n'kuchotsa dothi m'matayala a chikuku ndi kamtengo, tayala lililonse palokha. Anapukuta sikirini ndi mpango, anapinda chogwirira, anakulunga chingwe cha batire popanda kuyang'ana. Ndinafuna kuwathandiza kunyamula, anakana. Atatseka chitseko cha galimoto anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pachitsekopo.

"Mlamu, mundiperekeze kunyumba. Mlongo wanu mukamuuze ndinu. Ine mawu andithera."

"Akandidya wamoyo," ndinatero.

"Akayamba ndi ine. Ine ndiye nsima, inu mukangokhala ndiwo."

Tinayesa kuseka, koma sizinatheke. Tinatenga majekete ndi fulasiki n'kuyamba kutuluka. Njira inali yodzera pathabwa lija, pamwamba pa ngalande yakuya. Alamu anatsogola monga mwa masiku onse, ine pambuyo. Atafika m'mphepete anaima. Anatambasula phazi, kufufuza, kulibweza. Anthu onse anali kutiyang'ana, a piki, kapitawo, eni masitolo.

"Mlamu," anatero, osatembenuka, "tsogolani. Ndigwireni dzanja."

Ndinadutsa kutsogolo n'kuwagwira. Dzanja lawo linali lozizira, ndipo linandifinya ngati la mwana mpaka tinawoloka.