Yankho Lopita ku Quelimane

Mkulu wokhala pamwamba pa shopu ya buledi ku Porto sakhudza makadi ake akale a positi ndi chala. Amawanyamula ndi kapani. "Mbiri sifuna mafuta a nsomba," amatero.

Lomwe amalinyadira ndi la 1908, lochokera ku Quelimane. Pakhadilo msilikali akufunsira mbeta, ndipo analipiriratu theka la khadilo kuti mtsikanayo ayankhirepo. Thekalo silinadulidwe, n'chifukwa chake ogula amalilirira. Koma mkuluyu, yemwe sanakwatirepo, zimamudya mumtima kuti mtsikanayo sanayankhe.

Lachiwiri lapitali anadula thekalo, nalembapo "Inde," n'kupita nalo ku positi.

"Bambo, mfumu ili pasitampayi inapita kalekale," anatero mayi wapakauntala. "Msilikali wanuyonso ndi mafupa okhaokha."

"Ndiye fulumirani, mayi. Mnyamatayu wadikira mokwanira."