Tsiku Limene Achemwali Anaima Chofulatira

Chaka chimene matipate anabwera ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Nathenje. Kwathu ndi ku Mitundu, ndipo kumeneko n'kumene kunali achemwali anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, pamodzi ndi amayi. Achemwaliwo anali namwino. Anagwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha kumeneko zaka zambiri, moti ukamayenda nawo pamsika sumafika msanga kumene ukupita. Mayi aliyense ankafuna kuwaonetsa mwana amene anabadwira m'manja mwawo.

Loweruka lina ndinapita kukawaona. Ndinakwera minibasi mpaka pamphambano ya ku Bunda, n'kudikira ina pamenepo dzuwa likundiwotcha. Nditafika ndinawapeza akusita yunifolomu pakhonde.

"Iyi ndikusita komaliza," anatero. "Ndalemba kalata yosiya ntchito. Ndikufuna kuimira uphungu."

Ndinaseka, poganiza kuti akucheza. Iwo sanaseke.

"Iwe, ndatopa n'kulemba makalata opempha ambulansi. Amayi oyembekezera akufera pangolo. Ngati amene amagawa zinthu amakhala ku Nyumba ya Malamulo, ndipita komweko ndikawauze pamaso."

Amayi athu anali chapomwepo akusenda mtedza. Iwo anavina m'misonkhano ya chipani chimodzi chija kuyambira ndili wakhanda. Lole inkawatenga mbandakucha, n'kukawasiya pabwalo tsiku lonse opanda chakudya, ndipo mawondo awo anathera kumeneko. Sanadzutse mutu.

"Mwana wanga, ufumu wa m'mudzi muno tinasankha ndife amayi, m'nyumba, chitseko chotseka. Titatuluka, amuna ndi amene analengeza, ngati anaganiza okha. Iweyo ukufuna kukaima pabwalo. Chabwino. Koma ugule nsapato zolimba."

Ine monga wogwira ntchito m'boma sindinkaloledwa kuchita kampeni. Choncho ndinkangopita kumapeto a sabata, kukawalembera makalata ndi kuwaperekeza ngati mng'ono wawo basi. Tinkayenda pa njinga. Miyezi imeneyo ndimaikumbukira ngati fumbi lokhalokha: fumbi m'tsitsi, m'mano, m'chikwama cha mabuku a ana amene ndinkanyamula kuti ndikachonge koma osawatsegula n'komwe. Lolemba ndinkafika m'kalasi nditatopa kotheratu.

Chipani chimene analowa sindichitchula, chifukwa zimene anakumana nazo akanakumana nazo kwina kulikonse. Akuluakulu a komiti anawalandira bwino. Anawapatsa mpando, iwo ali khale pamabenchi, ndipo wapampando anayankhula mofatsa kwambiri.

"Amayi, ife takondwa. Anthu amakukondani. Ndiye timati, bwanji mutitsogolere amayi a chipani? Nyimbo, magule, kulandira alendo. Uphunguwu ndi wovuta, muli zotukwanizana."

"Bambo, ine ndakhala ndikutukwanidwa ndi amayi ali pa ululu wobereka," anayankha achemwali. "Lembani dzina langa."

Analemba. Wopikisana nawo anali bambo wina mwini esiteti ya fodya cha kumadzulo, kuyang'ana ku Dzalanyama. Sanali munthu wankhanza ayi. Ankapereka moni mwaulemu, ndipo tsiku lina atatipeza tikukankha njinga yophulika tayala, anatinyamula pa galimoto yake mpaka kunyumba. Kungoti iye anali ndi lole ziwiri, nsalu za chipani, ndi mabanja ambiri a matenanti amene ankadya chimanga cha m'nkhokwe yake podikira kuti fodya agulitsidwe.

M'midzi amayi ankabwera ambiri kudzamva achemwali. Ankawomba m'manja akamva za ambulansi ndi za mjigo. Msonkhano ukatha, mmodzi ankayandikira n'kufunsa motsitsa mawu, "Nanga nsalu, anamwino?" Achemwali ankati alibe. Kwina amuna ankafunsa kuti bambo akunyumba ali kuti, ndipo akamva kuti anamwalira kalekale, ankayang'anizana. Wina anafunsa mosabisa kuti, mayi wopanda mwamuna akapita ku Nyumba ya Malamulo, adzamulangiza ndani. Achemwali anayankha funso limenelo m'midzi yambiri, mpaka mawu awo anasasa.

Sabata ina m'kati mwa zonsezi ndinkaphunzitsa Sitandade 7 za maboma. Buku linkanena za dziko la Mangalande, kumene mfumukazi imakhala pampando koma malamulo amapanga ndi aphungu. Mtsikana wina wamtali, amene ankakhala kumbuyo, anakweza dzanja.

"Madamu, ndiye mfumukaziyo imatani?"

Ndinati imasaina zimene aphungu agwirizana, imalandira alendo, ndipo anthu amailemekeza kwambiri.

"Basi?"

"Basi," ndinatero. Ndinalibe mphamvu zofotokoza zambiri, ndipo belu linandipulumutsa.

Chisankho chachipulula, chosankha amene adzaimire chipani, chinachitikira pabwalo la mpira la sukulu ina. Panalibe mapepala ovotera. Opikisana ankaima kutsogolo chofulatira, ndipo aliyense wovota ankakaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, anthu onse akuona. Tinafika m'mawa. Akuluakulu ochokera ku tauni anafika dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo amayi ovala nsalu zatsopano ankavina, ndipo ambiri mwa iwo ndinkawadziwa nkhope, chifukwa anali omwe aja ankawomba m'manja m'misonkhano yathu. Lole za ku esiteti zinabwera kawiri.

Achemwali anaima atavala diresi yawo ya kutchalitchi, manja atagwirana kutsogolo. Ine ndinali pambali, pansi pa mtengo wa bulugamu, popeza sindinkayenera kuvota. Wezulo italira, anthu anathamanga. Fumbi linakwera moti kwa kanthawi sindinkaona chilichonse. Litatsika, ndinaona mzere wa bambo uja utafika kugolo n'kukhota. Kumbuyo kwa achemwali kunali anthu ongokwana mabenchi awiri a m'kalasi: azamba angapo, amayi okalamba, ndi abambo atatu a kutchalitchi kwathu. Amayi athu anali oyamba pamzerewo, atatsamira ndodo.

Chimene chimandipwetekabe n'choti achemwali sankadziwa zimene zinali kumbuyo kwawo. Anaima mowongoka nthawi yonse imene akuluakulu ankawerenga mzere wautaliwo, ndipo inali nthawi yaitali. Ndinkaona khosi lawo likutuluka thukuta. Atauzidwa kuti atembenuke, anayang'ana anthu awo mmodzimmodzi, n'kuyamba kuwagwira chanza.

Pobwerera, mayi wina wa ku esiteti anatithamangira, mwana ali kumsana. Anali wa ku Mulanje, anabwera ndi mwamuna wake kudzalima fodya. Anagwada m'mphepete mwa msewu.

"Anamwino, mundikhululukire. Mwana uyu munamutulutsa ndinu, atabwera chamiyendo. Koma akapitawo anaima pomwepo, akutiyang'ana. Tikachotsedwa pa esiteti tilowera kuti?"

"Dzukani, mayi," anatero achemwali. "Mwanayu analandira katemera wachikuku?"

Mayiyo anati ayi.

"Mupite naye Lachitatu. Musaiwale."

Tinapitiriza ulendo mpaka kunyumba. Titafika achemwali anavula nsapato, n'kuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda. Ndinkayembekezera kuti alira kapena akalipa, koma anangoti, "Iwe, ndipatse Panado," n'kukagona dzuwa lisanalowe.

Patapita masiku, wapampando uja anabwera ndi nsalu yopindidwa bwino. Anati bambo wopambanayo akupempha kuti achemwali atsogolere amayi pa kampeni yaikulu, chifukwa mawu awo amamveka. Achemwali anamupatsa tiyi, namuthokoza, n'kumuuza kuti mawuwo anatha. Wapampando uja anaisiya nsaluyo pampando, ndipo amayi athu anadzaisandutsa chophimbira dengu la ufa.

Bambo uja anapambana chisankho chachikulu n'kupita ku Nyumba ya Malamulo. Tinkamumva pa wailesi mwa apo ndi apo. Ambulansi inadzabwera patapita zaka, ndipo sindikudziwa ngati anaibweretsa ndi iye kapena ena. Achemwali anayesa kubwerera ntchito, koma makalata awo ankangozungulira m'maofesi. Mapeto ake analembedwa pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi Diamphwe, kutali ndi kwathu, ndipo ankabwera kunyumba kamodzi pamwezi. Nthawi zina basi yawo ikaima pa Nathenje ankanditumizira uthenga, ine n'kuthamanga pa nthawi yopuma kukawapatsira moni pawindo.

Chisankho chotsatira chikuyandikira, amayi ena anapita kukawapempha kuti ayesenso. Ndinali komweko tsiku limenelo, tikuyanika zovala kuseri kwa nyumba yawo ya pamishoni. Anawamvetsera mpaka kumaliza, kenako anati akaganiza. Alendowo atapita ndinawafunsa ngati adzaimadi.

"Msana ukundipweteka," anatero. "Tagwira uko, tifinye bulangetili."