Chaka cha Soya

Dzulo mwana wanga anakazinga soya wa m'paketi, ndipo fungo lake linandithetsera chilakolako cha chakudya pomwepo.

Ndili giredi 3 kwathu ku Chikomeni, adada anadzala soya munda wonse, mpaka pamene amama ankadzala mtedza ndi maungu. Wogula wina wa ku boma la Lundazi anawalonjeza kuti adzabwera ndi lole. Koma mvula inakokolola kamlatho ka pamsewu wathu, ndipo palibe amene anadzakakonza. Matumba a soya anadzaza nyumba, chimanga chochepa chomwe tinatsala nacho n'kutha.

Tsiku lina amama anaphika soyayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Anakana kufewa, ankangonunkha chiwisi. Nditaika m'kamwa, ndinalavula.

"Meza, iwe," anatero amama. "Adada ako anati ameneyu ndi golide."

Adada anali khale pakhonde, maso kumsewu. Kenaka patali panamveka kulira kwa injini. Anadzambatuka, n'kuyamba kuvala nsapato. Tonse tinasiya kutafuna, makutu tcheru.

Phokosolo silinasendere. Chinali chigayo cha kutsidya, chikugaya chimanga cha anthu ena.